N'chifukwa chiyani malasha ali ku Maamba, osati pansi pa Lusaka?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Matero. Ana anandifunsa ngati malasha amene malole amabweretsa kuchokera ku Maamba ndi mitengo yakale imene inapsera pansi pa nthaka, ndiponso ngati munthu atakwirira zipika m'dzenje lakuya angadzapeze malasha patapita zaka zambiri. Wina anafunsa chifukwa chake kuno ku Lusaka, kumene anthu amakumba ndi kuswa miyala tsiku ndi tsiku, malasha sapezeka. Buku lathu limangonena kuti malasha anachokera ku zomera zakale zimene zinapanikizika. Kodi ndiwafotokozere bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, buku lanulo silinaname, koma lasiya mbali yaikulu ya nkhani. Popeza m'misika ya kuno anthu amati malasha ponenanso za ootcha ku mitengo amene timagula m'matumba, m'yankho lino amenewo ndiziwatchula kuti makala, ndipo ndikati malasha ndikunena mwala wakuda wokumbidwa mumgodi.

Malasha si mitengo imene inapsa. Wootcha makala ku Chongwe kapena ku Rufunsa amadula mombo ndi mtondo, amasanja zipika, amazikwirira ndi dothi n'kusiya timipata tochepa tolowera mpweya, kenako amayatsa moto. M'kati mwa uvuniwo kutentha kumafika madigiri 400 kapena kupitirira, ndipo pakangotha masiku owerengeka madzi ndi mipweya ya m'mtengo imakhala itachoka ndi utsi, n'kutsala kaboni wopepuka wokhala ndi timabowo. Pa malasha palibe amene anayatsa moto, ndipo ambiri mwa amene akuyaka m'mafakitale lero sanatenthedwepo kupitirira madigiri 150 nthawi yonse imene anali pansi. Chimene moto umachita pa mlungu umodzi kapena iwiri, kutentha kofatsa kwa m'kati mwa dziko kunachichita kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndipo chotulukapo chake ndi mwala wolemera, wothinana, wokhala ndi mizeremizere.

Mwana wokwirira zipika uja adzapeza dothi lakuda basi. Mtengo ukagwa m'tchire la kwathu kuno, chiswe chimauyamba usanaume n'komwe, bowa ndi nkhungu zimalowa m'thunthu, mabakiteriya amamaliza zotsala, ndipo kaboni amene mtengowo unatenga mumpweya pa moyo wake wonse amabwerera komweko. Pafupifupi zomera zonse zimene zinamerapo padziko lapansi zinathera choncho. Malasha anachokera ku kagawo kochepa kwambiri ka zomera zimene zinapulumuka ku kuola, ndipo chimene chinazipulumutsa ndi madzi osayenda.

M'chithaphwi chimene sichiphwa chaka chonse, masamba, makungwa, nthambi ndi mizu zimagwera m'madzi amene mulibe okosijeni wokwanira, chifukwa wochepa amene amalowamo amathera pa zoola za pamwamba penipeni. Chiswe sichingakhalemo, bowa amalephera, ndipo mabakiteriya amene amatha kukhala popanda okosijeni amagwira ntchito mozengereza kwambiri, makamaka chifukwa zomera zoolazo zimatulutsa asidi amene amawafooketsa. Zofewa za m'zomera monga shuga ndi sitachi zimatha msanga, koma lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mtengo kuti uime, pamodzi ndi utomoni, phula la pamasamba ndi zikhokho za mungu, zimatsala. Zotsalazi zikaunjikana zimapanga chinthu chofiirira ndi chonyowa chimene akatswiri amachitcha peat. Mukamutapa ndi dzanja n'kufinya, madzi oderako amatuluka pakati pa zala, ndipo m'chimene chatsala m'dzanjamo mumaonabe timizu ndi tizidutswa ta masamba. Madzi amakhala pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a kulemera kwake. Peat akupangikabe lero m'zithaphwi za ku Bangweulu, ndipo m'chigwa cha mtsinje wa Congo akatswiri analengeza mu 2017 kuti apeza dera la peat lokwana pafupifupi masikweya kilomita 145,000, lalikulu kuposa dziko la Malawi.

Pali chinthu chimene mabuku ambiri a kusukulu amachidumpha, chomwe kwa ine ndiye mutu wa nkhani yonse. Chithaphwi pachokha sichikwanira. Peat akamaunjikana amakwera, ndipo akangotulukira pamwamba pa madzi mpweya umamupeza, amayamba kuola kapena amapsa ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Madzi akachuluka mopitirira, zomera zimamira, chithaphwi chimasanduka nyanja, ndipo m'malo mwa masamba pamadikha matope. Kuti peat afike mamita makumi angapo, nthaka ya pansi pa chithaphwicho iyenera kumatitimira pang'onopang'ono, pa liwiro lofanana ndi limene zomera zikuunjikana nalo, kwa zaka masauzande ambiri mosadukiza. Pambuyo pake kutitimirako kuyenera kufulumira kuti mitsinje ibweretse mchenga ndi matope zokwirira, ndipo kuyenera kupitirira mpaka peat uja atatsikira pakuya makilomita angapo. Malo otere ndi ochepa. Amapezeka kumene thanthwe la pamwamba pa dziko likung'ambika n'kutsika pakati, kapena kumene likupindikira pansi chifukwa cha kulemera kwa mapiri amene akukwera pafupi. Ana akamvetsa zimenezi, funso lakuti n'chifukwa chiyani malasha ali pano osati apo limadziyankha lokha.

Mungawapatse masamu osavuta. M'malo ambiri peat amakwera pafupifupi milimita imodzi pachaka, ngakhale m'madera otentha ndi a mvula yambiri amatha kufulumirapo. Akatswiri kawirikawiri amawerengera kuti mamita 10 a peat amatulutsa mita imodzi ya malasha olimba, ndipo nambala imeneyi imasintha malinga ndi mtundu wa zomera. Tikatenga manambala amenewa, mzere wa malasha wochindikala mamita 5 unafuna peat wa mamita 50, amene anaunjikana kwa zaka pafupifupi 50,000, nthaka ikutitimira mofatsa nthawi yonseyo. Chimenechi ndi chiyambi chabe, chifukwa kusanduka mwala kunali kusanayambe.

Mchenga ndi matope zikayamba kuunjikana pamwamba, kulemera kwake kumafinya madzi n'kuphwatalalitsa zonse, mofanana ndi mmene jeke amadindira fodya kuti mulu waukulu ulowe m'belo limodzi. Thunthu limene linali lobulungira limasanduka kachidutswa kopyapyala konyezimira. Peat woumitsidwa, tikachotserapo phulusa lake, amakhala ndi kaboni pafupifupi 60 peresenti. Akatsikira pansi amasanduka lignite, malasha ofiirira ndi ofewa amene amanyenyeka akauma, okhala ndi kaboni pafupifupi 70 peresenti, ndipo dziko la Germany limakumba ambiri a mtundu umenewu. Kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene munthu watsika, choncho pakuya makilomita atatu kapena anayi kumakhala kutafika madigiri 100 kapena kupitirira. Pamenepo okosijeni ndi hayidirojeni zimayamba kuchoka m'zotsala za zomerazo monga madzi, mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi mpweya wa methane, ndipo malasha amada, amalimba, amadutsa gulu la sub-bituminous n'kufika la bituminous, limene kaboni wake amakhala pakati pa 80 ndi 90 peresenti. Kutentha kukayandikira madigiri 200 kumatuluka anthracite, wolimba, wonyezimira, wovuta kuyatsa koma woyaka popanda utsi wambiri, wokhala ndi kaboni wopitirira 90 peresenti. Kupitirira apo mwalawo umasanduka graphite, amene ali m'pensulo za ana anuwo ndipo sakhalanso nkhuni. Malasha a ku Maamba ali pakati pa makwerero amenewa, m'magulu a sub-bituminous ndi bituminous.

Buku lanu latchula kupanikizika kokha, ndipo ndikanakonda likanatchula kutentha poyamba. Kupanikizika kumafinya madzi ndi kuchepetsa kuchindikala, koma kusintha kwa m'kati, kumene kumachotsa zina n'kusiya kaboni, ndi ntchito ya kutentha ndi nthawi. Katswiri wa ku Germany, Carl Hilt, anaona mu 1873 kuti pamalo amodzi malasha akuya amakhala a gulu lapamwamba kuposa a pamwamba, ndipo lero tikudziwa kuti chifukwa chake ndi kutentha kumene kumakula ndi kuya. Ukalamba pawokha sukweza gulu la malasha. Kufupi ndi Moscow kuli malasha a zaka zopitirira 300 miliyoni amene adakali lignite chifukwa sanakwiriridwepo mozama, pamene ku KwaZulu-Natal kuli anthracite wocheperapo zaka, amene anafika pamenepo chifukwa chiphalaphala chotentha chochokera pansi chinalowerera m'miyala yozungulira, zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, n'kumuwotcha mopitirira anzake.

Tsopano za zomera zake. Malasha otchuka a ku Britain, a m'chigwa cha Ruhr ku Germany ndi a ku Pennsylvania anapangika m'nyengo imene akatswiri amaitcha Carboniferous, zaka 359 miliyoni mpaka 299 miliyoni zapitazo, pamene madera amenewo anali pafupi ndi mzere wa ikweta ndipo kunali kotentha ndi konyowa. M'zithaphwi zake munali mitengo monga Lepidodendron, yotalika mamita 30 kapena kupitirira, imene achibale ake otsala lero ndi tizomera tating'ono toyanga pansi. Zithunzi za m'mabuku ambiri zimaonetsa nkhalango imeneyo, ndipo ana athu amakula akuganiza kuti malasha onse anachokera kumeneko. Athu a kuno ali ndi mbiri ina. Anapangika m'nyengo yotsatira, ya Permian, imene inayamba zaka 299 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 252 miliyoni zapitazo, ndipo anachokera m'zithaphwi za kumalo ozizira.

Pa nthawi imene nkhalango za ku Ulaya zija zinkakula, Africa anali wolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'chigawo chimodzi chachikulu chotchedwa Gondwana, ndipo kum'mwera kwa Africa kunali kufupi ndi kumapeto kwenikweni kwa dziko kum'mwera, kokutidwa ndi madzi oundana. Madziwo atayamba kusungunuka anasiya zigwa zodzala nyanja, mitsinje ndi zithaphwi, ndipo m'menemo munakhazikika mtengo wotchedwa Glossopteris, wa masamba aatali obulungira kunsonga okhala ndi mtsempha umodzi wokhuthala pakati. Unkayoyola masamba nyengo yozizira ikafika, thunthu lake linali ndi mizere yozungulira yosonyeza zaka, ndipo mizu yake inali ndi timipata tosunga mpweya, zimene zikusonyeza kuti unkamera m'nthaka yonyowa. Udzu, gumbwa, bango ndi mitengo yamaluwa kunalibe. Zimenezi zinadza patapita zaka zopitirira 100 miliyoni. Masamba a Glossopteris amapezeka m'miyala ya makontinenti onse a kum'mwera ndi ku India, ndipo anali umboni waukulu wakuti maiko amenewa anali pamodzi. Robert Falcon Scott ndi anzake, amene anafera ku Antarctica mu 1912 pobwerera kuchokera kumapeto kwa dziko kum'mwera, anali atanyamula miyala yolemera makilogalamu pafupifupi 16, ndipo mwa miyalayo munali masamba a mtengo womwewu umene unadzaza zithaphwi za ku Gwembe, chigwa chimene muli Maamba.

Mukatsika chitunda kuchokera ku Batoka kulowera ku Sinazongwe, mumakhala mukulowa m'chigwa chimene chinang'ambika n'kutitimira kalekale, ndipo miyala yake, imene akatswiri amaiika m'gulu la Karoo, inasanjika motsatana ndi zochitika. Pansi penipeni pali miyala ya Siankondobo, imene m'munsi mwake muli zotsalira za madzi oundana aja, miyala yaikulu ndi yaing'ono yosakanikirana ndi matope popanda dongosolo. Pamwamba pake pali miyala ya Gwembe imene muli malasha, ndipo mzere wake waukulu ndi wochindikala mamita angapo. Kenako pamabwera miyala yamatope ya Madumabisa, yochindikala mamita mazanamazana, imene inadikha m'nyanja zimene zinamiza zithaphwizo, ndiye miyala yamchenga yofiira ya nthawi imene dziko linauma, ndipo pamwamba pa zonse pali chiphalaphala chouma cha Batoka, chomwecho chimene madzi a Mosi-oa-Tunya amagwerapo. Imasiku Nyambe wa ku Yunivesite ya Zambia ndi mmodzi mwa amene anafufuza miyala imeneyi mwatsatanetsatane m'zaka za m'ma 1990. Kutitimira kumene kunakwirira malashawo n'kumenenso kunawasunga kuti mvula isawakokolole, ndipo ku Maamba ali pafupi ndi pamwamba lero chifukwa ali m'mphepete mwa chigwa, kumene miyala inapendekeka ndipo zokwirira zake zinaperepeseka. Malasha a ku Hwange ku Zimbabwe, a ku Moatize ku Mozambique, a ku Mchenga m'boma la Rumphi ku Malawi, a ku Morupule ku Botswana ndi a ku eMalahleni ku South Africa ndi a m'nyengo yomweyi ndi zomera zomwezi, ndipo kwathu kuno malasha anapezekanso m'zigwa za Luangwa, Luano ndi Lukusashi.

Lusaka alibe malasha chifukwa miyala yake ndi yakale kwambiri kuposa zomera za pamtunda. Miyala yoyera ndi yotuwa imene amayi amaswa m'mphepete mwa misewu, imene imatulukira paliponse ku Kanyama ndi ku Misisi, inayamba ngati laimu wodikha pansi pa nyanja yosaya zaka zopitirira 540 miliyoni zapitazo, ndipo pambuyo pake inatenthedwa ndi kupindidwa mpaka kusanduka mwala wa mabo ndi dolomite. Nthawi imeneyo pamtunda panalibe mtengo, tsamba kapena muzu. Zomera zoyamba zinakwera pamtunda zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, ndipo nkhalango zoyamba zinamera zaka pafupifupi 385 miliyoni zapitazo. Komanso mzinda uno uli pachitunda chokwera mamita pafupifupi 1,280, chimene kwa nthawi yaitali chakhala chikukokoloka m'malo motitimira, pamene nyanja ya Kariba ili pansi pa mamita 500. Ngakhale pakanakhala peat pano m'nyengo ya Permian, analibe chomukwirira. Chosangalatsa n'chakuti miyala iwiriyi imakumana mung'anjo za simenti za ku Chilanga, kumene kampani ya simenti inakhazikitsidwa mu 1949, chifukwa laimu wa kuno amafunika malasha a kuchigwa kuti apse.

Zambia inachedwa kukumba malasha ake. Migodi ya kopa inkadalira malasha a ku Hwange, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Wankie, mpaka boma la Ian Smith litalengeza mu November 1965 kuti Rhodesia yadzilamulira, ndipo njira imeneyo inasanduka yosadalirika. Kukumba kunayamba mofulumira ku Nkandabwe mu 1966, kenako ku Maamba zaka za m'ma 1960 zisanathe. Mu 2016 ku Maamba kunatsegulidwa malo opangira magetsi a mamegawati 300, ndipo m'chilala cha 2024, madzi a Kariba atatsika mpaka magetsi kumazima pafupifupi tsiku lonse, anthu a mu Lusaka anazindikira kufunika kwa malo amenewo.

Ndikulimbikitseni kupeza chidutswa cha malasha n'kupita nacho m'kalasi, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ana anu sanalakwitse kotheratu. Chiikeni pansalu n'kuchimenya pang'ono ndi nyundo chopingasa, ndipo chidzang'ambika motsatira mizere yake. Mudzaona mizere yopyapyala yonyezimira imene imasweka m'timabokosi, ndipo imeneyo inali makungwa ndi zidutswa za mitengo zimene zinamira msanga. Mudzaona mbali zothimbirira ndi zolimba, zopangidwa ndi tizidutswa tosakanikirana, mungu ndi dongo. Pankhope imene yang'ambikayo nthawi zambiri pamakhala tizigamba takuda bii, tofewa, ta ulusiulusi, timene timadetsa chala mukangokhudza. Timeneti ndi makala enieni. M'chilimwe cha nthawi imeneyo mphezi inkayatsa moto m'mphepete ndi pamwamba pa zithaphwi, ndipo popeza akatswiri ambiri amawerengera kuti okosijeni wa mumpweya anali pafupifupi 30 peresenti, pamene lero ali 21, ngakhale zomera zonyowa zinkatha kuyaka. Makala a motowo ankagwera mu peat n'kukwiriridwa limodzi, ndipo popeza makala saola, pa maikulosikopu amaonetsabe timabowo ta mtengo bwinobwino. Marie Stopes, katswiri wa ku Britain wa zomera zakale, anagawa mizere imeneyi m'mitundu inayi mu 1919, ndipo mayina amene anagwiritsa ntchito, vitrain, clarain, durain ndi fusain, adakalipo mpaka pano. Makala akalewo ndiwo fusain. Malasha a ku Gondwana amakhala ndi zotere zambiri kuposa a ku Ulaya, chifukwa zithaphwi zathu zinkauma pamwamba m'nyengo zina. Mukaponya chidutswacho m'chidebe cha madzi pamodzi ndi khala la pambaula, khala lidzayandama ndipo malasha adzamira. Musachiyatse m'kalasi, chifukwa utsi wake uli ndi salufa ndi mpweya wakupha wa kaboni monokisaidi.

Zonse zimene zimavutitsa anthu ogwiritsa ntchito malasha zinalowamo pa nthawi ya chithaphwi. Phulusa ndi dongo limene mitsinje inkathira mu peat ikasefukira, ndipo malasha a kum'mwera kwa Africa kuno ali nalo lambiri, n'chifukwa chake amatsukidwa asanagulitsidwe kwa ofuna apamwamba, pamene otsalira a phulusa lochuluka ndi amene amayatsidwa popanga magetsi ku Maamba. Timadontho tachikasu tonyezimira timene ana angaganize kuti ndi golide ndi pyrite, mwala wa chitsulo ndi salufa umene mabakiteriya anathandiza kupanga m'matope opanda okosijeni. Pyrite akakumana ndi mpweya ndi mvula amatulutsa asidi amene amaipitsa mitsinje, ndipo iye pamodzi ndi malasha omwewo akamatenga okosijeni amatulutsa kutentha, moti milu ya malasha onyenyeka imatha kudziyatsa yokha n'kumafuka utsi kwa miyezi kapena zaka. Methane amene anatuluka pa nthawi ya kusintha kuja sanachoke yense. Wina anatsala m'timing'alu ta malasha, ndipo mumgodi wa pansi akasakanikirana ndi mpweya ndi fumbi la malasha amaphulika. Pa 6 June 1972 mgodi wa nambala 2 ku Wankie unaphulika n'kupha anthu opitirira 420, ndipo pakati pawo panali amuna ambiri ochokera ku Zambia ndi ku Malawi.

Mwina ana ena adzakumana pa intaneti ndi mfundo yakuti malasha anachuluka kale chifukwa bowa wotha kuoletsa lignin anali asanakhalepo. Mfundo imeneyi inatchuka pambuyo pa kafukufuku wa chibadwa cha bowa amene anafalitsidwa mu 2012, koma mu 2016 akatswiri ena anaitsutsa poonetsa kuti m'malasha a nyengo ya Carboniferous muli zizindikiro za mitengo yoola ndi bowa, kuti mitengo monga Lepidodendron inali makamaka makungwa opanda lignin wambiri, ndiponso kuti malasha ochuluka anapangikanso m'nyengo za pambuyo pake, bowayo alipo kale. Ine ndili kumbali ya otsutsawa, chifukwa chimene chimafotokoza bwino nthawi ndi malo a malasha ndi kukumana kwa mvula yambiri ndi nthaka yotitimira. Zomera zoyenera nazo zimafunika. Kumapeto kwa nyengo ya Permian kunachitika chiwonongeko chachikulu kuposa china chilichonse m'mbiri ya zamoyo, nkhalango za Glossopteris zinatha, ndipo m'miyala ya zaka mamiliyoni angapo zotsatira malasha sapezeka kulikonse padziko, ngakhale zigwa zinali zikutitimirabe.

Mwana akafunsa ngati peat wa ku Bangweulu adzakhale malasha, muuzeni kuti zidalira ngati dera limenelo lidzapitiriza kutitimira ndi kukwiriridwa kwa zaka mamiliyoni, ndipo peat wambiri wa padziko safika kumeneko, amauma, amapsa kapena amakokoloka.

Ngati sukulu ingakwanitse ulendo wa tsiku limodzi, ku Maamba n'kutali, makilomita pafupifupi 350 kuchokera kuno, koma pamsewu wa ku Chirundu, kufupi ndi mphambano ya ku Siavonga, pali malo otetezedwa otchedwa Chirundu Fossil Forest. Pamenepo pali zipika za mitengo ya m'miyala ya Karoo yomweyi zili mbwee pansi, zina zoonekabe mizere ya zaka ndi mfundo za nthambi, koma mukazigogoda ndi mwala weniweni ndipo sizingayake. Mitengo imeneyo sinagwere m'chithaphwi. Inakwiriridwa mumchenga umene madzi a pansi ankadutsamo atanyamula silika, chinthu chimene chimapanga mchenga wambiri, ndipo silikayo analowa m'timabowo ta mtengo n'kutenga malo ake pang'onopang'ono, kaboni n'kuchoka. Ana akagwira chipika chotero ndi dzanja limodzi, chidutswa cha malasha ndi dzanja lina, adzaona kuti pa china maonekedwe a mtengo anasungika kaboni n'kutayika, pa chinacho kaboni anasungika maonekedwe n'kuphwanyika, ndipo chimene chinasiyanitsa ndi malo amene mtengowo unagwera. Muwachenjeze asananyamuke kuti malowo ali m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo sililola kutola kachidutswa ngakhale kamodzi kupita nako kunyumba.